Phewa la a Kalinde

M'chaka cha 1908, nthomba itadutsa m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu, a Kalinde anatsala amoyo, koma akazi awo anatsogola. Monga mwa mwambo, akuchikazi anawasudzula, ndipo iwo anabwerera kwa mlongo wawo Falesi ku Kadewere, atanyamula mphasa ndi mpeni basi.

Bambo ameneyu anali wonyamula machila. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ananyamula azungu a m'minda ya thonje pakati pa Namadzi ndi Zomba, iwo kutsogolo, mnzawo Hamadi kumbuyo, ndipo anthu ankati awiriwo amaponda ngati munthu mmodzi wa miyendo inayi. Tsopano miyezi isanu ndi itatu ya pamphasa inali itawatha. Chimene chinawapweteka mtima koposa sichinali nthiti zoonekerazo ayi, koma phewa: khungu lolimba lija, limene mtengo wa machila unaumba, linali litafewa ngati la khanda.

Uthenga unafika wakuti kapitawo Mateyo adzalembanso anthu a machila mvula ikatha, ndi kuti wolephera kuthamanga ndi mtengo, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Malo amenewo, kutsogolo kwa Hamadi, ndiwo okha anawatsalira padziko.

Poyamba anachita phuma. Anadya chinangwa ndi kalongonda mbale ziwiri, monga ankadyera kale, nasenza mphero ya mlongo wawo paphewa. Asanafike ndi pankhokwe pomwe, anagwa chafufumimba.

"Achimwene," anatero Falesi, "mwapulumuka nthomba kuti muphedwe ndi mphero yanga? Ikasweka, mapira ndiziperera pamutu panupo?"

"Kale ndinkanyamula mzungu wonenepa ndi mfuti yake yomwe."

"Kalelo linapita. Imwani phala."

Anamvera. M'mawa ankamwa phala la mapira lothira nsinjiro. Masana nandolo wopsa bwino ndi mbatata, pang'onopang'ono koma kanayi pa tsiku. Dzira ankaliona nkhuku ikalola. Mphamvu zitayamba kubwerera, anadula nsungwi yaitali. Komatu machila ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo m'mudzimo munalibe mwamuna wofuna kusiya khasu chifukwa cha iwo. Ena ankaopanso zipsera za kumaso kwawo, napatuka njira akawaona. Choncho anamangirira dengu kunsonga iliyonse ya nsungwiyo, naikamo miyala iwiriiwiri, naisenza pakati, kupita kumtsinje ndi kubwerera. Ankatero masiku atatu, lachinayi n'kupuma akupaka phewalo mafuta a nsatsi, ndipo pobwerera ku nsungwi ankawonjezera mwala umodzi m'dengu lililonse. Phewa linatupa, linachita matuza, kenaka linayamba kuuma. Atayamba kuthamanga, ankayambitsa nyimbo ya paulendo, nasiya mpata pamene Hamadi ankavomera. Chimene chinkamveka pampatapo ndi kulira kwa nsungwi.

Mvula itatha, anayenda wapansi kupita ku Namadzi. Mateyo anawadinikiza phewa ndi chala, naika thumba la mchenga m'machila, naitana munthu wina wachilendo kuti agwire kumbuyo. Anathamanga kukazungulira mtengo wa mkuyu n'kubwerera, a Kalinde osapuma wefuwefu.

"Akulu inu, kumanda anakubwezani ndi miyendo yanu yomwe," anatero kapitawoyo akuseka. "Ndakulembani."

"Zikomo kwambiri, bambo. Nanga a Hamadi ali kuti?"

"Kodi simunamve? Anakudikirani miyezi itatu, akukana aliyense amene ndinamupatsa. Ataona kuti simukudzuka, anatsatira anzake kukafuna ntchito kutali ku Halale. Mnzanu tsopano ndi uyu. Wachokera kutsidya kwa Mulanje dzana lomweli, Chinyanja sachimva, koma msana ali nawo."

A Kalinde anasisita phewa lawo. Kenaka anam'patsa moni mlendoyo mwaulemu, nagawana naye mbatata imene Falesi anawakulungira m'tsamba la nthochi.

M'mawa mwake ananyamuka ulendo wa ku Zomba. Atatsika chitunda choyamba, a Kalinde anayambitsa nyimbo ija, nasiya mpata. Kumbuyo kunali chete, ndipo mtengo unkagwedezeka chifukwa mapazi sankagwirizana. Iwo anafupikitsa mayendedwe awo kuti mlendoyo awapeze, napitiriza nyimboyo okha. Ananyamula machila zaka zina zisanu, koma mpata uja sanaleke kuusiya.