Nyanga Zoloza Kunyanja

A Macpherson Longwe ananyamula katundu padoko la Nkhata Bay zaka makumi atatu, mpaka maondo anawakana. Matumba a chimanga, malata, makina osokera, ngakhale bokosi la maliro, zonse zinadutsa pamapewa awo. Choncho panali chinthu chimodzi chimene ankachidziwa popanda wowauza: chabwino chilichonse chimafika m'tauni muno kudzera panyanja. Za msewu wa ku Mzuzu ankati n'za anthu opupuluma.

TV yawo nayonso inabwera pa sitima ya Ilala mu 2004, mphatso yochokera kwa mlamu wawo wa ku Monkey Bay. Inafika ndi eriyo yam'nyumba ya nyanga ziwiri. Mkuluyo anaikhazika pawindo lakumaso, nyanga zitaloza kunyanja, poti zithunzi zimachokera ku Blantyre, ndipo za kummwera zonse zimadzera njira ya sitima. Aneba a ku Chikale anavomereza kuti nzeru ndi imeneyo. Koma pagalasi pankangothwanima timadontho ngati mpunga wotayika, phokoso lili fwaa. Miyezi itatu ankaonera zomwezo, n'kumati vuto ndi mwera.

Kenaka inafika kalata ya Keziah, mwana wawo womaliza. Anali atatsiriza maphunziro a unamwino ku Blantyre, ndipo bambo ake sanathe kupita kumwambo wolandira masatifiketi chifukwa maondo aja sakanapirira ulendo wa basi. Zinali zitakwana zaka zitatu asanamuone. "Ada," inatero kalatayo, "Loweruka 2 koloko masana adzationetsa pa TV. Musadzachoke pakhomo."

Lowerukalo a Longwe anayamba kulimbana ndi eriyo m'mamawa. Anaikwecha ndi phulusa. Anaimangirira waya woyanikira zovala. Anaitulutsa pakhonde kuti iyandikire madzi. Mpunga uja unangowonjezeka, ndipo dzuwa litafika paliwombo mkuluyo anakhala pansi, mtima utawawa kwambiri.

Apa n'kuti akudutsa mayi Hellen Nyirenda, mwini golosale ya pamsewu, wochokera ku Ekwendeni. A Longwe ankakonda kuwaseka kuti munthu wakumapiri satha kusiyanitsa nsomba ya batala ndi chambo. Mayiyo anaima, n'kuyang'ana nyanga zija.

"Ada Longwe, eriyo mwailozetsa ku Tanzania bwanji? Mukufuna kuonera za Chiswahili?"

"Zithunzi zimadzera kumeneko, ama."

"Zithunzi sizikwera sitima, ada. Mlongoti wake uli kumtunda, kwathu kumene mumakunyoza kuja."

Tsiku lina a Longwe akanatsutsa mpaka kukhosi kuuma. Koma nthawi inali itatha, ndiye anangowaonetsa kalata. Mayi Nyirenda anaiwerenga. Anamanga chitenje, n'kunyamula TV kupita nayo kuchipinda chakuseri chosungiramo maukonde, kumene kunali kawindo kakang'ono koyang'ana kuphiri. Anachotsa waya wa zovala uja, anakwera pampando, n'kuyamba kutembenuza nyanga pang'onopang'ono.

"Apa?"

"Mpunga."

"Nanga apa?"

"Imani. Bwererani pang'ono."

Pagalasi panatulukira bambo wa tayi, mutu wake ukugwedezeka, kenaka n'kukhazikika. Mayi Nyirenda anayesa kuikoleka eriyoyo pamsomali, koma atangochotsa dzanja bambo wa tayi anasowa. Ataigwiranso anabwerera. Anayesa katatu, zomwezo.

"Basi ndiigwira," anatero.

Amene anakhalapo pamwambo wotere akudziwa mmene akuluakulu amakondera maikolofoni. Woyamba anayankhula, wachiwiri anabwereza za woyamba, wachitatu anathokoza onse awiri. Nthawi yonseyi mayi Nyirenda anali chiimire pampando, manja m'mwamba, nkhope kukhoma, fungo la usipa lili m'mphuno, golosale yawo ili chitsekere. A Longwe ankamva mpando ukulira pansi pa mapazi a mayiyo, ndipo manyazi anawagwira.

"Tsikani mupume, ama."

"Yang'anani kutsogolo, ada. Angakudutseni."

Mayina anayamba kuitanidwa. Atsikana a madiresi oyera ankadutsa mmodzimmodzi, ndipo mkuluyo anasendera mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Atamva "Keziah Longwe" anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mwana wawo anakwera masitepe, anagwadira pang'ono monga anaphunzitsidwira kunyumba, analandira pepala lake ndi manja awiri, n'kutsika. Wina anabwera pambuyo pake.

"Mwamuona?" anafunsa mayi Nyirenda, osacheuka.

A Longwe anali atathokozapo anthu ambiri pamoyo wawo, koma chiyamiko cha tsikuli chinawakulira. Anadzuka, maondo akulira, n'kulandira eriyo ija m'manja mwa mayiyo, amene mikono inali itauma moti inkakanika kutsika.

"Yewo ukongwa, ama. Inu simunaone kanthu."

"Ndiye ndiuzeni. Akuoneka bwanji?"

Mkuluyo anapukuta m'maso ndi kolala ya malaya.

"Wanenepa," anatero. "Akudya bwino kumeneko."