Vidiyo Yopanda Mfuti ya ku Chinsapo

Ndinanyamuka ku Mgona kutangocha, maliro ali m'nyumba mwanga. Ndikudziwa, zimenezo sizichitika. Mwini nyumba sasiya mtembo n'kumakakwera minibasi. Nditamanga nsalu, aneba anga Anabanda anandigwira mkono.

"Achemwali, mukupita kuti mpongozi wanu ali chigonere apa?"

"Ndikukatenga mwini maliro," ndinatero.

Womwalirayo anali Esinati, mkazi wa mwana wanga Fanuwelo. Anadwala nthawi yaitali m'manja mwanga, poti mwamuna wake anali atatithawa. Fanuwelo anali msilikali. Anamutumiza kunja kukasungitsa mtendere, ndipo anabwerako ndi manja onse, miyendo yonse, koma pakamwa anasiya komweko. Ntchito anaileka. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana utsi wa ku Kanengo, mpaka tsiku lina anatuluka ngati akukagula fodya, osabweranso. Anandisiyira mkazi ndi kamwana kakakazi, Tiyamike, kamene kanaphunzira kuyenda katagwira nsalu yanga.

Amalume ake a Esinati, a Kachingwe, atafika kuchokera ku Dedza dzulo lake anandiitanira kuseri. Sanakweze mawu ayi.

"Amayi, lole inyamuka mawa dzuwa likapendeka. Mwana wanu akapanda kuoneka kudzaperekeza mkazi wake, ndiye kuti ukwati panalibe. Tiyamike tikwera naye, akakhale kwawo."

Ndikanati chiyani? Kwawo kwa a Kachingwe mwana ndi wa kwa amake, ndipo iwo ndiwo anali eni mbumba. Chimene ndinali nacho ndi mawu a mmisiri amene ankakhoma bokosi, akuti anaona Fanuwelo ku Biwi akulowa mu vidiyo. Basi, ndinanyamuka ndi mawu amenewo.

Ndinatulukira kumsewu n'kuimitsa minibasi yochokera ku Area 25. Masiku amenewo kupita m'tauni inali fifite kwacha. Kondakitala anandikankhira pampando umene unali utadzaza kale.

"Folofolo pamenepo! Masteni ndi ochepa thupi awa, sunthani!"

Ndinakhala theka pampando, theka pa dengu la usipa la mayi wina. Mayiyo anandinunkhiza, n'kumva utsi wa pasiwa.

"Pepani, mwaferedwa?"

"Eee."

"Ndiye mukukagula nsalu?"

"Ndikupita ku vidiyo."

Anasuntha dengu lake, osandilankhulanso mpaka pa Depoti.

Kuchoka pa Depoti ndinayenda wapansi kudzera ku Mchesi, kumene mabokosi a maliro amawayala m'mbali mwa msewu ngati mipando yogulitsa. Ang'onoang'ono amawaika pamwamba pa aakulu. Sindinayang'ane kawiri. Ndinafika ku Biwi dzuwa litayamba kutentha, amakaniko atayamba kale kugogoda zitsulo.

Inu amene simunalowemo, vidiyo ya masiku amenewo inali kanyumba ka malata akale ndi masaka, kopanda windo. Panja ankaika bolodi lolembedwa ndi choko, ndipo padenga ankamangirira sipika kuti phokoso liziitana anthu. Ine bolodi silinandithandize, sindinapite kusukulu. Ndinati ndiyenda ndi makutu. Msilikali akakhala kuti? Pamene pali mfuti. Ndiye paliponse pamene denga linkati thu thu thu, ine ndinkakhotera pomwepo.

Pakhomo loyamba mnyamata wotolera ndalama anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kuzidendene.

"Agogo, tchalitchi ndi uko."

"Ndikudziwa kumene kuli tchalitchi. Zingati?"

"Faifi kwacha. Koma mukakomoka sitibweza."

M'katimo munali mdima ndi fungo la thukuta. Ana ovala yunifolomu anabisa nkhope poganiza kuti ndine mayi wa mmodzi wa iwo. Pagalasi mzungu wina wopanda malaya ankagwetsa anthu ngati akusadza mango. Ndinaima pakati n'kukuwa, "Fanuwelo!"

"Fanuwelo wafa kale, agogo!" anayankha wina kumbuyo. "Amuwombera poyamba pomwe!"

Nyumba yonse inaseka. Ine ndinatuluka nditagwira khoma.

Ndinalowa m'mavidiyo onse a ku Biwi amene makutu anga anawapeza, kenako ndinawolokera ku Kawale. Kulikonse mfuti, kulikonse moto, anthu akufa, ana akuwomba m'manja. Pamene dzuwa linafika paliwombo, m'mutu mwanga munali mukulira ngati mwalowa njuchi. Ndinagula chinangwa chophika kwa mayi wina pafupi ndi msika, n'kukhala pa mwala. Ndinachifumbata osadya. Ndinkangoona Tiyamike atakwezedwa pa lole.

Moyang'anana ndi mwalawo panali vidiyo ina, ndipo mwini wake, bambo wonenepa wovala vesiti, anali panja akupukusa tepi ndi chala. Anandiitana.

"Amayi, ndakuonani mukulowa n'kutuluka m'mavidiyo ngati apolisi. Mwataya mdzukulu?"

Ndinamufotokozera. Wamtali, wakuda, amayenda mowongoka, salankhula.

"Amakhala pafupi ndi chitseko?"

"Kwathu ankakhala choncho."

"Ndikumudziwa. Anabwera muno kamodzi, mfuti itangolira anatuluka akunjenjemera. Tsiku lina ndinaika filimu ina imene ndinagula mwangozi, poona asilikali pachikuto. Amayi, filimu yonse palibe wowombera ngakhale khwangwala! Makasitomala anafuna kundiphwanyira sikirini, ndinawabwezera ndalama zawo. Iye yekha ndiye anakhala mpaka pamapeto, mawa lake n'kubweranso kudzaifuna. Ine ndinaigulitsa kwa a Nyirenda a ku Chinsapo, ndipo munthu wanuyo anaitsatira tepiyo ngati mkazi." Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. "Mwakhala mukutsata phokoso, Amayi. Ku Chinsapo mukafune pamene pali zii."

Ndinabwerera m'tauni ndikuthamanga kathamangidwe ka nkhalamba. Minibasi ya ku Chinsapo inali fote kwacha, ndipo sinanyamuke mpaka itadzaza. Titangodutsa Area 3 inatsokomola n'kuima. Mafuta atha. Kondakitala anatola kachigubu n'kuyamba kuyenda ngati akupita kukaona chibwenzi.

"Iwe, thamanga!" ndinakuwa pawindo. "Ndili ndi maliro!"

"Masteni, womwalira sathawa!"

Anthu anaseka. Sankadziwa kuti wamoyo ndiye ankandithawa.

Ku Chinsapo ndinatsika fumbi lili koboo. Kufuna phokoso n'kosavuta, koma tayesani kufuna chete pakati pa zigayo ndi mawailesi. Ndinadutsa mavidiyo awiri akulira, osaima. Kuseri kwa malo ogulitsira makala ndinaona kanyumba kokhala ndi sipika padenga. Ndinaima pansi pake n'kutchera khutu. Munkamveka mphepo yokha, ndi munthu akutsokomola m'chizungu.

Pakhomo panali bambo wachikulire wa kumpoto, wovala jekete ngakhale kunkatentha. Anali a Nyirenda.

"Mama, panopa palibe filimu ya anthu. Mubwere ana akaweruka."

"Nanga ikulirayi ndi ya ndani?"

"Ya mlonda wanga. Amasesa, amanyamula batire kukatchajitsa, amagona muno. Ndalama amakana. Malipiro ake ndi tepi imeneyi, masana aliwonse."

"Ndine mayi wake."

Anavula chipewa n'kunditsegulira.

Fanuwelo anali yekha pabenchi ya pafupi ndi chitseko. Anali ataonda, khosi ngati la nkhuku, koma msana uli chilili. Ndinakhala pambali pake. Sanatembenuke.

"Fanuwelo, Esinati watisiya."

Maso ake sanachoke pagalasi. "Dikirani, Amayi. Ithe kaye."

Ndinafuna kumumenya. Ndinafuna kumukoka khutu ngati kale. Koma munthu amene wathawa nyumba sumukoka, amadukanso. Ndinaona kuwala kolowera pa kabowo ka lata kukuyenda pansi, ndipo ndinakhala. Imeneyo ndiyo filimu yoyamba imene ndinaonera bwinobwino m'moyo wanga.

Chizungu sindimva, koma panalibe chofuna kumva. Anali asilikali ochepa m'dziko lozizira, akulondera geti pamsewu wopanda anthu. Ankasenda mbatata. Ankachapa masokosi n'kuwayanika pa waya. Wina ankasoka nsapato, wina ankameta mnzake. Mfuti anali nazo, koma ankangozipukuta ngati mbale za alendo. Kutali kuseri kwa phiri kunkafuka utsi. Kenako kunabwera anthu, amayi ndi ana ndi nkhalamba, atasenza mitolo, n'kuima pageti paja. Mkulu wa asilikali analankhula pa wailesi nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. Geti silinatsegulidwe. Anthu aja anabwerera. Kutacha, msilikali mmodzi wamng'ono anayang'ana mumsewu, ndipo munali mitolo yokhayokha, eni ake palibe.

"Zimakhala choncho," anatero Fanuwelo. Mawu ake anali ngati chitseko chadzimbiri. "Zinazo n'zabodza, Amayi. Ine sindinawombepo ndi kamodzi komwe. Anatiuza kuti tizingoyang'ana. Ndinayang'ana."

Chibwerere kunja kuja, anali asanandiuzepo mawu ochuluka chonchi.

Pamapeto msilikali wamng'ono uja anamulola kupita kwawo. Anakwera sitima, anayenda wapansi ndi chikwama, anafika pa nyumba ina. Anaima pakhomo. Anakweza dzanja kuti agogode. Pomwepo galasi lonse linasanduka mvula, shiii, ndipo sipanaonekenso kanthu.

"Makina anaidya pamenepo," anatero a Nyirenda kuchokera pakhomo. "Ndinaigula ili choncho."

Fanuwelo anaimirira kuti akaibweze poyambira. Ndinamugwira dzanja.

"Sinathe."

"Imathera pamenepa, Amayi."

"Iwe, anakuuza ndani kuti nkhani imathera pamene makina atopa? Khala pansi."

Anakhala. Ine kulemba sindidziwa, koma chiyambire utsikana wanga sindinasiyepo nkhani ili pakhomo.

"Amagogoda," ndinatero. "Amatsegula ndi mayi ake, mapazi atatupa chifukwa chomufuna. M'nyumbamo muli anthu ambiri, poti muli maliro. Mkazi wake wagona. Anamudikira, anatopa. Pakona pali kamwana, sikamudziwa n'komwe, zovala zake azimanga kale mu jumbo. Panja pali lole."

Anali akuyang'anabe mvula ija. "Ndiye amatani?"

"Amakwera lole."

"Anthu samufunsa kumene anali?"

"Amamufunsa. Ena amamutukwana."

"Amayankha chiyani?"

"Sayankha. Amangoima pafupi ndi mkazi wake. Kuima amadziwa. Koma ulendo uno geti ali nalo ndi iyeyo, ndipo kamwana kaja kali kunja."

Kuseri kwa khoma ndinamva makala akuthiridwa m'thumba. Fanuwelo anawerama n'kumanga zingwe za nsapato. A Nyirenda anavula jekete lawo n'kumuveka. "Ku Dedza kumazizira," anatero, ndipo anandifumbatitsa chipepeso.

Ulendo wobwerera sindiukumbuka bwino. Ndikukumbuka kuti m'minibasi zonse ziwiri ndinagwira mkono wa jekete lija osausiya, ndipo kondakitala wina anati, "Agogo, mwagwira wakuba?" Pamene tinkatsika ku Mgona dzuwa linali litapendeka kale.

Lole inali italiza injini. Bokosi linali litakwezedwa, amayi akuyimba, ndipo Tiyamike anali pamiyendo pa mayi wina amene sindinkamudziwa, jumbo ya zovala ili pambali. Nyimbo inaduka. A Kachingwe anatsika kutsogolo n'kumuyang'ana Fanuwelo.

"Ndi ameneyu?"

"Ndi ameneyu."

"Bambo, munali kuti mkazi wanu akuvutika?"

Fanuwelo sanayankhe. Anakwera, n'kukaima kumutu kwa bokosi atagwira chitsulo. Anamupatsa malo okhala, anakana. Anaima choncho kudutsa m'tauni, kudutsa Nathenje, mpaka ku Dedza, mphepo ikumumenya kumaso. Kumanda anaimanso choncho mpaka khasu lomaliza. Titameta, a Kachingwe anandiitana.

"Mwana abwerere ndi agogo ake. Koma tiziona."

Musaganize kuti Fanuwelo anachira. Titabwerera anagona kwathu masiku ochepa, n'kutulukanso ngati akukagula fodya. Kusiyana kwake, tsopano ndinkadziwa kokamupeza. Mwezi ukatha ndinkabereka Tiyamike n'kupita ku Chinsapo masana, tonse atatu n'kukhala pabenchi ija. Mvula ikayamba pagalasi Fanuwelo ankati, "Ndiye amatani, Amayi?" Ine n'kumuuza. Ndinamulowetsa m'nyumba msilikali uja kambirimbiri, koma wangayo sanalowe. Anamwalira komweko patapita zaka zochepa, a Nyirenda ndiwo anamupeza m'mawa.

Ana a masiku ano akandifunsa filimu imene ndimaikonda, ndimati ya asilikali osenda mbatata, ndipo amaseka. Asekeni. Ine ndinayenda Lilongwe yense kufuna mwana wanga pamene mfuti zikulira, n'kukamupeza pamene pali zii. Amene akundilembera izi ndi Tiyamike yemwe uja. Akuti ndinene kuti abambo ake sawakumbuka nkhope, amangokumbuka jekete. Ndamuuza kuti alembe choncho.