Nkhonya ya Chigayo ndi ya Pepani

Ndikakumbukira agogo aNangozo, chimene chimayamba kundifika m'mphunomu ndi fungo la masamba a bulugamu akuwira mumphika wakuda uja umene sitinkaloledwa kuphikira ndiwo, kusakanikirana ndi utsi wa zitsononkho ndi fungo la chiguduli chonyowa. Agogowo anali mayi awo a bambo anga, ndipo ntchito imene ankadziwika nayo kwathu kuja, kumtunda kwa Lizulu, inali yothowa anthu. Wina ng'ombe yamuponda, wina wagwa pangolo, wina wabinya mwendo povina ngoma, onsewo ankathera pakhonde pathu, agogo atakwinya nkhope, akuviika chiguduli m'madzi otentha n'kumachikanikiza pamene papweteka. Sanali munthu wonyengerera ayi. Bambo wandevu akalira ankangomuuza kuti, "Khalani chete inu, mundithawitsira nkhuku."

Tsono masiku amenewo kunali amuna awiri amene anabwera ndi masewera a nkhonya kuchokera ku Joni, kumigodi. Onse anali zimphona, anthu oti akakwera pangolo ng'ombe zinkatembenuka kuti zione chimene chachitika. Woyamba ankamutchula kuti Chigayo. Ameneyu ankakweza matumba a mbatatesi m'malole pamsika, ndipo akamenya munthu phokoso lake linkamveka mpaka tsidya la msewu, ku Mozambique. Magazi pompo, diso kutupa ngati papaya. Winayo anali wophera nyama ku Boma, wolankhula motsitsa, dzina lake Pepani, chifukwa akamenya mnzake ankati "pepani, achimwene." Iyeyu nkhonya yake sinkamveka n'komwe. Ankangoyandikira ngati akufuna kukunong'oneza, kadzanja kafupifupi m'nthitimu, basi.

Awiriwa sanamenyanepo okhaokha. Aliyense ankati mnzakeyo ndiye akuthawa. Ndiye mkangano wa amuna unali womwewo chaka chonse, pabawo, pamaliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi: wankhonya yolemera ndani? Ambiri ankati Chigayo, ndipo ankaseka aliyense wotchula Pepani. Ankati munthu wochokera kwa Chigayo mkazi wake samuzindikira, koma wochokera kwa Pepani amabwerera yekha wapansi, malaya ali oyera, mwinanso kudutsira kumowa. Agogo akamva zimenezi ankangofwenkha fodya wawo wamphuno, amene ankasunga m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Kabotolo kameneko ndinakasunga zaka zambiri, mpaka mdzukulu wanga wina anakaswa poseweretsa, ndipo ndinamukalipira mopitirira, mwana wosalakwa. Iyayi, ndisasochere.

Chaka chimene ndinali sitandade fili, mwini sitolo wina pamsika anaika njinga yatsopano pakhomo pa sitolo yake. Anati Loweruka Chigayo ndi Pepani adzakhala pabwalo, ndipo mwamuna aliyense asankhe yekha amene akufuna kulimbana naye. Wotha maraundi atatu ali chiimire, njinga ndi yake. Bambo anga, a Laitoni, anali munthu wamphamvu, thumba la mbatatesi ankaliponya paphewa ngati mtolo wa udzu, ndipo njinga ankailakalaka kuyambira kalekale, chifukwa mbatatesi zathu ankachita kusenza kuchokera kudimba mpaka kumsewu. Anabwera madzulo ena nkhope ili ngwee.

"Ndalembetsa," anatero. "Ndasankha Pepani. Uja ndi wa nkhonya ya ana, maraundi atatu ndingovina naye."

Amayi anasiya kusefa ufa. "Bambo a Esinati, njinga n'chiyani? Inu mukavulala ife titani?"

Esinati ndi ineyo. Ndinali pomwepo ndikusenda mbatatesi, ndipo ndinaona agogo akuika kabotolo kawo pansi.

"Iwe Laitoni, usapite. Kwa Chigayo usapite, kwa Pepani ndiye usayerekeze."

"Amayi, za nkhonya mumazidziwira kuti inu?"

Agogo anawauza kawiri, katatu, tsiku limenelo ndi lotsatira lake. Bambo ankangoseka. Amuna a kwathu mukuwadziwa, ukamuletsa chinthu ndiye ngati wamuthirira feteleza.

Lachisanu bambo anaitana anzawo ku chipere ganyu, kukumba mbatatesi kudimba kwathu, ndipo masana amuna khumi ndi angapo anakhala pansi pa mtengo wa pichesi akumwa thobwa. Nkhani inali ya njinga basi. Ndipamene agogo anatulukira atanyamula chikho, n'kuima pakati pawo, chinthu chimene sankachita.

"Ndamva kuti mwana wa malemu aNdau wasankha Pepani," anatero mokweza. "Abambo ake ankagwira ng'ombe yamphongo panyanga. Iyeyu wayang'ana amuna awiri, n'kusankha wopepesa. Mawa musandiitane, ndikhala m'nyumba ndi manyazi anga."

Amuna aja anaseka mpaka wina kutsamwa thobwa. Bambo nkhope inachita kuda. Anaimirira osamaliza n'komwe chikho chawo, ulendo wa kumsika, kukasintha dzina. Atabwerako anangoti, "Ndi Chigayo. Mwakondwa, amayi?" Agogo anati, "Eya." Amayi anga analowa m'nyumba kukalira. Malo a bambo kwa Pepani anatenga a Filipo, mnzawo wa pamtima, amene ankakhala kuseri kwa dambo.

Ine kubwalo sindinaloledwe kupita, koma phokoso la anthu linkafika mpaka kwathu. Agogo anali atatereka kale mphika wakuda uja dzuwa lisanafike pamutu, ngati munthu wodziwa alendo amene akubwera. Cha m'ma fili koloko anabwera nawo bambo, amuna awiri atawagwirira uku ndi uku. Mayo ine. Mphuno inali itakhotera kumanzere, mlomo ngati chitumbuwa, malaya onse magazi. Akuti anagwa raundi yachiwiri. Kumbuyo kwawo kunali a Filipo, akukankha njinga yatsopano, belu ngiringiri, nkhope yosalala ngati akuchokera ku ukwati. Iwo anatha maraundi onse atatu.

"Pepa, mnzanga," anatero a Filipo. "Ndizikubwereka."

Tsiku limenelo ndinadana nawo agogo. Atandituma madzi ndinakana, koyamba m'moyo wanga. Ndinawauza kuti, "Mwawapweteketsa dala bambo anga, ndipo njinga yapita." Ndinkayembekeza khofi. Koma iwo anangondiyang'ana, n'kukatunga okha madziwo, n'kuyamba kuthowa mwana wawo. Ndinamva akufunsa a Filipo kuti, "Anakugundani pati?" A Filipo analoza kumanzere, pansi pa nthiti, akuseka. Agogo anati, "Mawa m'mawa mupite kuchipatala ku Boma." A Filipo anati, "Kukatani, amayi? Wodwala ndi uyu."

Lachiwiri anthu anabwera nawo a Filipo pangolo. Munthu uja anali atayera milomo, thukuta lili kamukamu, mimba yauma gwa, ndipo mkazi wawo ananong'oneza agogo kuti akukodza magazi. Agogo sanatereke n'komwe mphika. Anati, "Izi si za bulugamu. Imitsani lole iliyonse pamsewu." Bambo anga, ndi mphuno yawo yotupayo, ndi amene anawabereka kuchoka pangolo kuwakweza m'lole. Kuchipatala anawang'amba pamimba, moyo unapulumuka, tithokoze Mulungu. Koma a Filipo sanadzanyamulenso thumba, ngakhale khasu linkawalemera. Njinga ija ankakwera ndi ana a mlongo wawo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinakhala pafupi ndi agogo, ndikusenda mbatatesi, manyazi atandigwira osadziwa poyambira. Iwo anasankha ziwiri m'dengu. Ina inali yotemedwa ndi khasu, bala lili poyera. Inayo inali yosalala bwinobwino, koma anati inagwa pangolo dzana. Anazidula zonse ndi mpeni. Yotemedwa ija mkati inali yoyera. Yosalala ija mkati inali itada bii.

"Zaka zinayi ndikuthowa anthu a awiriwa," anatero. "A Chigayo amabwera tsiku lomwelo akulira, sabata ikatha ali kumunda. A Pepani amabwera mochedwa, ndipo sanena kuti ndi nkhonya, amati alodzedwa. Amuna aja amayeza ndi makutu. Ine ndimayeza ndi manja."

"Nanga bwanji simunawauze choncho?"

"Ndinamuuza bambo wako katatu. Anamva? Ndinaona kuti kupita apita ndithu. Ndiye ndinasankha kuti andibweretsere mphuno yothyoka." Kenaka anati, "Koma za Filipo sindinaziganize. Ndinkangoona wanga."

Ndipo mpaka imfa yawo, tikakolola, dengu loyamba la mbatatesi agogo ankalitumiza kuseri kwa dambo, kwa a Filipo.

Bambo anga anakhala ndi moyo mpaka kukalamba, mano onse kutha, akulimabe. Mphuno ija sinawongoke. Ankaliza mkonono woti alendo ankadzuka kufunsa ngati kunja kwaima thalakitala, ndipo amayi akadandaula iwo ankati, "Kadandaulireni apongozi anu." Njinga anadzagula yawo patapita zaka, ya mbatatesi zomwezo, ndipo ndi imene inandinyamula ine kupita kuchipatala pa mwana wanga woyamba.

Masiku ano adzukulu anga amaunjikana pafoni kuonera azungu ndi anthu akuda a kunja, zimphona zokhazokha, n'kumakangana ngati amuna a pabawo aja: uyu ndiye ali ndi nkhonya, iyayi uyu. Tsiku lina ndinasuzumira n'kuwafunsa kuti, "Nanga amene anamenyedwawo, Lachiwiri lake anadzuka bwanji?" Anandiseka, akuti agogo za nkhonya mumazidziwira kuti.

Ndinawasiya aseke. Koma pakhomo panga onse amadziwa lamulo langa. Mwana akagwa mumtengo n'kulira mudzi wonse kumva, ndimamupukuta magazi n'kumupatsa nthochi. Akagwa n'kudzuka chete, akuti palibe chimene chachitika, ameneyo ndimamuvula malaya, ndimamugwira m'nthitimu, ndipo ndimaitana kabaza.