Pothokoza Rosaura, Wina Asaimiritsidwe

Lachiwiri lapitali ndinatsomphola pepala m'manja mwa mkulu wa mpingo. Ndikudziwa kuti nkhaniyi yakupezani kale, poti mafoni a Amalawi a muno mu Glasgow sapuma, ndiye bola muimve kwa mwiniwakene.

Holo ya tchalitchi chathu ku Springburn timagawana ndi anzathu olankhula Chisipanishi, ochokera maiko a ku Latin America. Ife timapemphera m'mawa, iwo masana. Pakati pawo pali mayi wina wa ku El Salvador, dzina lake Rosaura. Kwa zaka zambiri wakhala akuperekeza anthu akwawo kukayezetsa magazi, kuwamasulirira zonena adokotala, kuwakumbutsa kumwa ma ARV, ndiponso kuphunzitsa achinyamata awo za kachilombo ka HIV. Palibe anamutuma. Komiti yathu inagwirizana kuti Loweruka likubwerali timuchitire mwambo womuthokoza, ndipo ine ndinavomera, chinthu chosachitikachitika.

Mumandidziwa, sindikhulupirira munthu. Rosaura yemweyo ndinayamba ndamukayikira. Zenera langa linayang'ana pokwerera basi, ndipo sabata ndi sabata ndinkamuona ali ndi munthu wina, lero bambo wachipewa, mawa mtsikana woyembekezera. Nditamva za ntchito yake ndinati ndimuyese. Ndinamuthirira tiyi, n'kumufunsa ndi nkhope yachifundo ngati bambo wachipewa uja akupezako bwino. Anandiyankha kuti anawaperekeza kokadandaula za nyumba yodontha. Ndinamuyesanso kawiri. Uyu akuti anali wa dzino, uyo wokalembetsa mwana sukulu.

Patapita nthawi ndinaitulukira nzeru yake. Mayiyu amaperekeza aliyense, kulikonse, mwadala, kuti ukaoneka naye m'basi pasakhale wodziwa ngati ukukazula dzino kapena ukukatenga mankhwala. Ine ndi maso angawa, zaka zonsezi ndili pazenera, sindingakulozereni ngakhale mmodzi.

Ndiye Lachiwirilo a Kamwendo, mkulu wa mpingo amene ali wapampando wa komiti, anatiwerengera ndondomeko ya mwambo. Pemphero, kwaya, mawu a abusa. Kenaka maumboni atatu a anthu othandizidwa. Pomaliza, onse amene mayiyu anawathandiza pa matendawa aimirire, tiwaombere m'manja, ajambulitse naye chithunzi.

Apo ndi pamene ndinatsomphola pepalalo.

"Amayi, popanda umboni anthu adziwa bwanji kuti ntchito inagwirika?" anandifunsa a Kamwendo.

"Akaimirira Lowerukalo, Lolemba adzayenda bwanji, a Kamwendo?"

Sindikuwada. Ndi mmene timachitira kwathu. Wina akakumba mjigo, omwa madziwo amaimirira. Akamanga sukulu, ana amafola n'kuimba. Kwa ife kuthokoza kopanda anthu oloza ndi chala kumaoneka ngati sikunachitike. Koma kodi kachilombo ndi mjigo?

Anzathu olankhula Chisipanishiwa alipo ochepa ngati ife tomwe. Ena amakhala mabanja awiri nyumba imodzi, ena amatsuka mbale malo amodzi, ena akudikirabe mapepala awo. Alipo amene sanauzebe amayi awo owabereka. Chithunzi chimodzi chokha, nkhani yafika kwawo keke isanadulidwe. Ndipo amene sanayezetsebe, akaona kuti mathero ake ndi kuimiritsidwa pagulu, adzagogodanso kwa Rosaura?

Izi sindikulankhula zongomva. Mlongo wanga Fanuel, kwathu ku Balaka, anali atayamba mankhwala ndipo thupi linali litayamba kubwerera. Anauza mkulu wa mpingo mmodzi yekha. Lamulungu lotsatira mkuluyo, ndi mtima wabwino ndithu, anamuimiritsa kutsogolo kuti mpingo umupempherere pa matenda a masiku anowa. Tinapemphera ndi misozi. Kuyambira tsikulo Fanuel sanapitenso kuchipatala, chifukwa njira yake inkadutsa pamsika. Tinamuika m'manda chimanga chisanache. Palibe amene ankamuda.

N'chifukwa chake ndimachita mantha ndi anthu a mtima wabwino kuposa a mtima woipa. Woipa umamuonera patali. Wabwino amalemba pagulu la pa foni kuti tiwakumbukire amayi akutiakuti m'mapemphero, akudutsa m'zovuta zimene sitingatchule pano. Mwatchula kale, achimwene. Pofika madzulo aliyense wadziwa, ndipo opemphera ndi awiri okha.

Lachitatu ndinakwera basi kukamupeza Rosaura. Chingelezi chake ndi changa n'zopunduka zonse ziwiri, koma timamvana. Nditamuuza za maumboni aja, anaika kapu pansi n'kunena kuti zikatero iye sabwera. Ndinamufunsa chimene akufuna, poti satifiketi yoika m'galasi a Kamwendo anaisindikiza kale. Anaseka, n'kunena kuti aipachika ndithu. Koma chimene amachisowa ndi kachipinda kakumbuyo kwa holo, kamene timaunjikamo mipando yothyoka. Chitseko chake chinayang'ana kanjira kakuseri, munthu angalowe osadutsa pamaso pa anthu. Pakali pano, akuti, munthu akalandira zotsatira zovuta amakhala naye pa benchi m'paki, mvula ikuwanyowetsa, chifukwa kunyumba kwa munthuyo makoma ndi opyapyala.

Zaka zonsezi ife tikusunga mipando yothyoka pouma, munthu akulirira pamvula.

A Kamwendo avomera kuchotsa maumboni ndi chithunzi, ngakhale avomera mokoka miyendo. Za kachipindako akuti ziyambe zakambidwa pa msonkhano wa mwezi wamawa. Ndinawakumbutsa kuti komitiyo ndi ife asanu, ndipo anayi tavomera kale pa foni.

Choncho Loweruka bwerani. Tidzaimba, tidzadya, tidzaomba m'manja mpaka zikhatho zitentha, pakuti mayiyu wasunga miyoyo ya anthu amene sitidzawadziwa, ndipo sitiyenera kuwadziwa. Woimirira adzakhala Rosaura yekha. Ine ndidzakhala pakhomo ndi dengu, foni iliyonse idzalowa mmenemo, ya abusa yomwe. Amene mumati mubwere kudzaona kuti odwalawo ndi ati, khalani kunyumba, kukuzizira.

Mipando yothyoka ija ndaitulutsa kale dzulo, podzera khomo la m'holo, ndi msana wangawu. Chatsala ndi kiyi ya chitseko chakuseri chija. A Kamwendo, mubwera nayo Loweruka kuti timupatse pamaso pa anthu, kapena ndiitane wothyola loko?