Bambo Augustino Geresomo, Amene Anakana Kusainira Dimba

Akhristu a ku Makhanga amene munazolowera kupeza tchalitchi chili chosesasesa Loweruka lililonse, dziwani kuti mwini tsache uja anatisiya. Bambo Augustino Geresomo anapuma mu mtendere mwezi wa Ogasiti chaka cha 2024, ali ndi zaka 73. Ana a masiku ano ankangowadziwa ngati nkhalamba ya chipewa cha mlaza, mwini chigayo ndi maboti awiri padoko. Sadziwa kuti munthu ameneyu anagwirapo ntchito pansanjika ya makumi awiri ku Joni, ndipo kuti dimba limene likutidyetsali likanapita kalekale dzanja lawo likanavomera kugwira cholembera.

Anabadwa mu 1951, mwana woyamba wa bambo Geresomo ndi mayi Esinala. Bambo awo anamwalira msanga, n'kusiya mayiwo ndi ana awiri, Augustino ndi mng'ono wake Francis. Moyo wa kuno unali wa pawiri, monga ulili mpaka lero. Shire ndi Ruo zikadzaza, anthu ankathawira kumtunda ndi mbuzi zawo. Madzi akaphwa cha mu Meyi, ankatsikira kudimba kukabzala chimanga, mbatata ndi nyemba pamatope amene mtsinje wasiya. Vuto linali lakuti madzi amafafaniza malire onse, moti chaka chilichonse munthu amafunafuna munda wake ngati mlendo.

Mayi Esinala anali ndi njira yawo. Pakati pa dimba panali mgwalangwa wa mphanda, mitu iwiri pathunthu limodzi. Ankaima patsinde pake, kuchita chizindikiro cha mtanda, n'kuwerenga mapazi makumi anayi kulowera kotulukira dzuwa, ana awo akutsatira pambuyo ndi zikhomo. Akafika ankati, "Apa ndi pathu, apo ndi pa eni ake. Phazi limodzi lakuba, Mulungu naye akuliwerenga." Chaka china madzi anachedwa kuphwa, banjalo linakhalira nyika, timizu towawa ta m'madzi tija, kwa miyezi iwiri. A Augustino ankati kuwawa kwake sikunawachoke pa lilime moyo wawo wonse.

Ansembe a kumishoni anaona kuti mwanayu masamu amawamwa ngati madzi, ndipo anamupezera malo kusekondale. Mayi Esinala anagulitsa mbuzi zitatu, n'kumukweza sitima pa Makhanga pomwepa atamupatsa korona yopempherera ndi mbatata yootcha. Ha, masiku amenewo! Sitima ikalira, mudzi wonse unkathamangira kusiteshoni ngakhale ulibe woti umulandire. Augustino anapitirira mpaka kuyunivesite, nalowa ntchito kubanki ina mu Blantyre. Kumeneko anakwatira mayi Dorika, mphunzitsi wa kwa Kasisi, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Anita. Mu 1995, mayi Esinala atamwalira kale, banki ina yaikulu inawaitanira ku Joni.

Tisasokoneze, banki yake sinali ija timafola pamzere kudikira malipiro a aphunzitsi. Ntchito ya a Augustino inali kukumanitsa anthu a chuma a kutsidya kwa nyanja ndi makampani a muno mu Africa amene akusowa mpamba. Ankapita kukaona fakitale kapena munda ndi maso awo, n'kulemba ngati pali phindu, ndipo akasaina dzina lawo, eni chumawo ankamasula thumba. Anathandiza kukhazikitsa fakitale ya simenti ku Zambia, kampani ya mafoni ku Ghana, nkhokwe zapadoko ku Beira, kumene ankadabwitsa anthu poyankhula Chisena atavala suti. Mzinda uliwonse umene afika, funso lawo loyamba pahotela linali lakuti tchalitchi chili kuti. Anzawo ankawaseka kuti ndi wansembe wosochera, iwo n'kumangoseka nawo.

Mayeso awo anafika mu 2008. Kampani ina yatsopano ya kunja inkafuna malo aakulu obzala nzimbe kuno kuchigwa, ndipo inapempha banki ija kuti iipezere mpamba. M'mawa wina a Humphrey, Mmalawi mnzawo amene anali mkulu wa gulu lawo, anaika lipoti patebulo akumwetulira.

"Achimwene, iyi ndi yanu," anatero a Humphrey. "Ndi kwanu kwenikweni. Mukasaina inu, eni ndalama safunsanso kawiri."

Lipotilo linkati malowo ndi dambo lopanda ntchito, losalimidwa, lopanda mwini. Kumapeto kunali zithunzi zojambulira m'boti, madzi okhaokha mpaka kumene maso alekezera. Pachithunzi chachitatu a Augustino anaima. Pakati pa madziwo panatuluka mitu iwiri ya mgwalangwa pathunthu limodzi. Anayamba avula magalasi.

"Zithunzizi anajambula mwezi wanji?" anafunsa.

"Febuluwale," anayankha a Humphrey.

"Mu Febuluwale ngakhale amayi anga sakanaupeza munda wawo. Pansi pa madzi amenewa pali minda ya mabanja mazanamazana. Atumeni anthuwa akaonenso mu Julaye."

"Julaye? Siginecha ikufunika Lachisanu lomwe lino! Kodi chithunzi chimanama? Madziwo si amenewo?"

"Madziwo ndi oona," anatero a Augustino. "Bodza lili pamene alemba kuti palibe mwini."

A Humphrey sanali munthu woipa ayi. Anawakumbutsa mofatsa kuti kampaniyo ilemba anthu ntchito, kuti nyumba imene akukhala ndi ya banki, kuti Anita akadali kuyunivesite. Zonsezo zinali zoona, ndipo zinawalemera a Augustino. Madzulo a tsikulo anafotokozera mayi Dorika, akuyembekeza kuti alira. Koma mayiwo anati, "Bambo a Anita, ine sindinakwatiwe ndi banki. Mukasaina, Lamulungu mukatambasula dzanja lomwelo polandira Ukaristia?"

Lachisanu linafika, sanasaine. M'malo mwake analembera eni chumawo kalata yowapempha kuti abwere okha mu Julaye. Awiri anabweradi. Akuluakulu mukukumbukira azungu aja anatitimira m'matope mpaka m'mawondo, chimanga chikuwapitirira m'mapewa, amayi akuwaseka atagwira makasu. Atabwerera kwawo anabweza chuma chawo, ndipo kampani ija inasowa poyambira. Banki sinawachotse a Augustino ndi phokoso. Inangosiya kuwaitana kumisonkhano, tebulo lawo n'kulisunthira kukona, mpaka iwo anamva okha. Chaka chotsatira anabwerera kuno ndi mayi Dorika ndi masutikesi anayi.

Mwina mukuganiza kuti tinawalandira ndi nthungululu. Kutalitali! Nthumwi za kampani ija zinali zitayenda kale m'midzi kulonjeza ntchito ndi chipukutamisozi, ndipo a Francis anali atalonjezedwa ukapitawo ndi njinga yamoto. Tsiku limene mkulu wawo anafika, a Francis anaima pachipata osalowa.

"Inu mwadya ku Joni mwakhuta, ndiye mwabwera kudzatitseka ife pakamwa?" anatero. "Nkhabe! Kuyambira lero ine ndilibe mkulu wanga."

Kwa zaka khumi ndi zinayi a Francis sanapondenso pakhomo pamenepo. Kutchalitchi, a Augustino akakhala pabenchi, anthu ankasuntha pang'onopang'ono mpaka benchi kutsala ya iwo ndi akazi awo. Tisabise, ena a ife amene tikuwerenga kalata ya parishi ino tinasuntha nawo, ndipo zimatichititsa manyazi. Iwo sanadziteteze ngakhale tsiku limodzi. Akamva kuti wina wawanena, ankati, "Musamudzudzule, kusowa ntchito kumapwetekadi." Mayi Dorika amati kangapo anawapeza atagwada masana m'tchalitchi mopanda anthu, akufunsa Ambuye ngati sanalakwitse.

Sanakhale manja lende. Anaitana anzawo akale awiri kuti aike mpamba kuno, n'kuyamba ndi fakitale yaing'ono yofinya tomato. Eee, imeneyo inagwa chagada chaka chake choyamba, msewu utaduka tomato n'kuolera m'mabokosi, ndipo anthu anaseka mpaka misozi kuti katswiri wa ku Joni wagonja ndi tomato. Iwo anaseka nawo, n'kuyambanso. Anatsegula chigayo cha mpunga, anagula maboti awiri a injini owolotsa anthu ndi mbewu, kenaka anabweretsa mapampu oyendera dzuwa kuti dimba lizibereka kawiri. Analemba anthu oposa makumi atatu. Ankadziwa kuti ndi ochepa poyerekeza ndi amene kampani ija inalonjeza, ndipo zimenezo zinkawawawa mumtima.

Mitima itayamba kufewa, bungwe la tchalitchi linaganiza kuti munthu wa kubanki ndiye woyenera kukhala msungichuma. A Augustino anapukusa mutu. "Ndalama ndakhala nazo pafupi zaka makumi atatu, tatopetsana. Ndipatseni tsache." Tinkayesa nthabwala, koma Loweruka lotsatira anafika ndi tsache lawolawo. Ankasesa kuyambira kuguwa mpaka pakhomo, akung'ung'udza nyimbo za Maria ndi mawu oti kwaya yathu sikanawalandira ngakhale atapempha chogwada. Kumapemphero a kumphakati sankajomba, ndipo pamaliro a munthu wosauka ndi iwo ankayamba kufika ndi khasu.

Madzi a mu Januwale 2015 sitingawaiwale. Makhanga inasanduka chilumba, ndipo maboti a a Augustino anayenda masiku anayi kutola anthu m'mitengo ndi pamadenga, osalipiritsa aliyense. A Francis anawapeza pachulu ndi banja lawo. Analowa m'boti la mkulu wawo, n'kukhala chakumapeto atayang'ana kumbali, osapereka ngakhale moni. Kuuma mtima kwa ana a mayi Esinala ndi kwa mtundu umodzi ndithu! Chakudya cha chithandizo chinabwera, chinatha. Chimene chinatiimitsanso pamapazi ndi dimba lomwe lija, madzi ataphwa.

Kenaka kunabwera namondwe Freddy mu 2023, amene anasiya mchenga ndi matope paliponse. M'mawa wina mu Meyi, a Augustino akumwa tiyi pakhonde, anaona nkhalamba italowa pachipata chipewa chili m'manja. Anali a Francis.

"Achimwene," anatero, "mgwalangwa wa amayi wagwa. Munda sindikuupeza."

A Augustino sanafunse za zaka khumi ndi zinayi zija. Anangoti, "Mphwanga, tadikira ndivale nsapato." Miyendo yawo inali itayamba kale kutupa, choncho anapita pangolo. Kudimba anatenga nsungwi n'kumabaya mumchenga, nkhalamba ziwiri dzuwa likuswa mtengo, mpaka cha m'ma leveni nsungwi inagunda chitsa. Anaima pamenepo, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kuyamba kuwerenga mapazi molunjika kum'mawa atagwirana mkono. Anthu a minda yoyandikana nawo anayezera yawo kuchokera pachitsa chomwecho. Amene analipo amati pofika phazi la makumi anayi a Francis anali akulira ngati mwana.

Chaka chotsatira mtima wa a Augustino unafooka. Anita anabwera kudzawatenga kuti akagone kuchipatala chachikulu, koma atakhalako milungu iwiri anapempha kuti awabweze kwawo. Bambo mfumu a parishi yathu anadzawadzoza mafuta a odwala Lachitatu masana. Atatha mapemphero, a Augustino anatembenukira kwa mng'ono wawo.

"Chimanga chafika pati kudimba?"

"Chakhwima, achimwene. Ndabwera nacho."

A Francis anatulutsa chimanga chachiwisi m'thumba, n'kuchisenda, n'kuchiika m'dzanja la mkulu wawo momwe munali korona ya mayi Esinala. Kudya sakanatha. Anangochigwira, n'kunena kuti, "Takhuta." Mayi Dorika anayambitsa korona, ndipo asanamalize mwambo wachitatu bambowo anali atapita mwakachetechete, dzuwa likadali pamwamba.

Maliro awo anasonkhanitsa anthu ochokera ku Nsanje, kwa Lundu, ku Blantyre, ngakhale a Humphrey anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala pamphasa pamodzi ndi ife. Banja linkada nkhawa kuti khamu lotere lidya chiyani. Koma kuyambira m'mawa amayi anayamba kutulukira kuchokera kudimba, madengu pamutu: chimanga, mbatata, maungu, nyemba. Palibe anawatuma. Anthu anadya masiku atatu, zina n'kutsala.

Ife a mpingo tatsala ndi tsache lawo kuseri kwa chitseko, ndi chitsanzo cha mkhristu amene anataya ulemu wa ku Joni ndi wa kwawo komwe kuti asaikire umboni bodza. Ambuye awapatse mpumulo wosatha. Kumanda, mwambo wonse utatha, a Francis anapempha kuti ayankhule m'malo mwa banja. Anaimirira, n'kuloza ndi chipewa chawo madengu aja.

"Abale, ine ndinamukana munthu uyu zaka khumi ndi zinayi chifukwa cha njinga yamoto. Zimene mwadya pamaliro panozi zachokera kudambo lija analemba kuti lilibe mwini. Akanasaina achimwene, lero tikanakuphikirani chiyani?"