Sitima Yokhota ya Abambo a Pakhonde

Abambo a nyumba yachitatu, amene anapuma ntchito ya positi, akuphunzirira kuukalamba kupanga kasitima kapamadzi kamatabwa. Tsiku lonse amakhala pakhonde, magalasi ali pamphuno. Amaviika timatabwa m'madzi otentha kuti tifewe, kenako amatimata ndi guluu pa nthiti za kasitimako. "Thabwa salikakamiza," amatero, ngakhale athyola kale tambirimbiri.

Kasitimako akupangira mwana wawo wamwamuna, amene anamuphunzitsa mpaka kuyunivesite, koma papita zaka zisanu osabwera kudzawaona. Madzi otenthawo amabweretsa ndi mwana wamkazi, yemwe anamusiyitsa sukulu kuti mlongo wakeyo apitirize.

Sabata yatha abambowo anamata mbali yonse yakumanja, yakumanzere osaikhudza. Guluu atauma, msana wa kasitima unakhota ngati chikwakwa.

"Iwe, tabwera udzaone! Andigulitsa matabwa achinyengo."

Mwana wamkaziyo anaika ketulo pansi n'kuyang'ana bwinobwino. "Matabwa alibe mlandu, bambo. Kabuku ka malangizo kanena kuti muzimata uku limodzi, ukunso limodzi. Inu mwakondera mbali imodzi, ngati kale lomwe."

Anayembekezera kuti mwina lero abambo ake amva. Abambowo anapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Kodi mlongo wako sanaimbe foni?"