Mbaula Imene Ndinaikwecha

Mpaka lero amuna anga sakudziwa, ndipo nkhaniyi imandisowetsa mtendere.

Anagula mbaula yadongo yowotchera nyama kwa mkulu wina wachizungu ku Oakville, yakale, yooneka ngati dzira lalikulu. Ankainyadira, poti yatsopano sitikanaikwanitsa kugula. Anakonza chivundikiro chake, n'kuitana anzathu akutchalitchi kuti Loweruka adzadye nyama.

Ine nditasuzumira mkati, mwaye wokhawokha! Mayi anga anandilera kuti mlendo asaone poto wakuda. Amuna anga ali kuntchito, ndinaithira madzi ndi sopo, n'kuikwecha mpaka manja kuwawa. Sindinkadziwa kuti dongo lotere limamwa madzi.

Loweruka makala atangokolera, tinangomva kuti thaa! Mng'alu kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mzungu uja wandipusitsa!" anakalipa amuna anga, n'kumuimbira foni alendo ali pomwepo. Ndinkamumva mkuluyo akupepesa.

Nanga ine ndinatani? Ndinapukusa mutu n'kunena kuti, "Anthu amasiku ano, bambo a Chisomo, ngosakhulupirika."

Ndikulankhula choncho, manja ndinali nditawabisa m'chitenje. Mwaye uja unali usanachoke m'zikhadabo.